Git, Subversion, kapena tipitirize ndi fulashi? Zomwe ndinanena Loweruka

Alembi andipempha kuti ndilembe zomwe ndinalankhula pa msonkhano wa Loweruka lapitali, poti ambiri simunabwere. Ena munali kumaliro, tamva, pepani. Ena munangogona, tikukudziwani. Ndalemba monga momwe ndinalankhulira, ndangochotsa malo amene ndinachita chibwibwi. Loweruka likubwerali tivota, ndiye chonde werengani musanabwere.

Zikomo a Wapampando, zikomo anzanga nonse.

Ndiyambe ndi kuulula. Ine si katswiri wa makompyuta. Fomu 4 ndalemba chaka chathachi, ndipo code ndaphunzirira konkuno, pa laputopu ya kalabu ija imene imazima mukangoizula kumagetsi. Ndaima pano chifukwa amene anawononga ntchito yathu mwezi watha ndine. Popeza mpando ndinathyola ndine, ndati ndibwerenso ndi misomali.

Kwa inu amene simuli m'gulu la pulojekiti, nkhani ili motere. Anthu anayi tikulemba kapulogalamu kothandiza amayi a banki m'khonde akwathu kuno kulemba masheya, ngongole ndi chiwongoladzanja. Ntchito yonse imakhala pa fulashi imodzi yofiira. Mukaitsegula mupezamo mafoda awa: banki, banki_new, banki_final, banki_final2, ndi ina imene mnzathu wina anaitcha banki_iyi_ndiye_yeniyeni. Musaseke. Tonse timadziwa kuti si bwino, koma poti zimayenda, tinangozisiya.

Lachiwiri lina ndinachezera usiku wonse kukonza malo amene kapulogalamuka kamalakwitsa chiwongoladzanja munthu akabweza theka la ngongole. Ndinakonza, ndinayesa, zinatheka. Nthawi yomweyo mnzanga amakonza tsamba losindikiza lipoti, koma iye amagwirira pa foda yakale, ya sabata yapita. Lachinayi atandipatsa foda yakeyo, ndinaikopera pamwamba pa yanga. Kompyuta inandifunsa ngati ndikufunadi kuti mafayilo obwerawa alowe m'malo mwa amene analipo. Ndinadina kuvomera osawerenga n'komwe. Ntchito ya usiku wonse inathera pomwepo.

Kukanakhala kutaya ntchito kokha, bwenzi nditangodandaula n'kulembanso. Choipa n'chakuti sitinadziwe kuti china chake chatayika. Tinapita kukaonetsa amayi aja titavala bwinobwino. Tinalowetsa ziwerengero za mayi wina amene anali atabweza kale theka la ngongole yawo, ndipo kapulogalamu kathu kanawalembera ngongole yoposa imene analidi nayo. Mayiwo sanakwiye ayi. Anangotulutsa kope m'chikwama, kunyowetsa chala, n'kutiwerengera tsiku ndi tsiku zimene anapereka. Atamaliza anati, "Ana inu, makina anuwa aphunzira kale kudya ndalama za anthu, eti?" Gulu lonse linaseka. Ine sindinaseke. Tikachitanso zimenezi kachiwiri, sadzatiitananso, ndipo adzakhala akulondola.

Kope la mayi aja ndi limene landiphunzitsa zimene ndikufuna kunena lero. Munayamba mwaliyang'anitsitsa buku la msungichuma wa banki m'khonde? Safufuta. Akalakwitsa amadula mzere, kulemba zolondola pambali, kuika deti, munthu n'kusayina. Patatha miyezi sikisi mukhoza kubwerera m'mbuyo n'kuona kuti tsiku lakuti analemba ndani, analemba chiyani. Olemba mapulogalamu nawonso ali ndi buku lotere, amalitcha version control. Ndi pulogalamu imene imalemba kusintha kulikonse kumene mwachita pa code: wasintha ndani, liti, mizere iti, ndiponso chifukwa chiyani. Mukafika pamene mwakhutira, mumasunga n'kulemba kauthenga kofotokoza. Kusungako amati commit. Mukaononga mawa, mumabwerera ku commit ya dzulo. Anthu awiri mukasintha malo osiyana, pulogalamuyi imaphatikiza ntchito zanu. Mukasintha mzere umodzi womwewo, imaima n'kukufunsani kuti titenge uti. Nkhani yanga ija ikanatha bwino chifukwa ine ndinakonza fayilo ya chiwongoladzanja, mnzanga anakonza ya lipoti. Zikanangolumikizana popanda phokoso.

Si zatsopano izi. Pulogalamu ina yamtunduwu, SCCS, inalembedwa ku Bell Labs ku America mu 1972, makolo a ena mwa ife asanabadwe. Ndiye funso si lakuti tigwiritse ntchito kapena ayi. Funso ndi lakuti titenge iti.

Pa gulupu yathu ya WhatsApp pabwera maganizo atatu, ndipo ndiyankha onse mwaulemu.

Oyamba ndi a inu amene mukuti tingoika foda pa Google Drive, nkhani yatha. Ndikumvetsa, chifukwa tonse timaidziwa kale. Ndi yabwino kuposa fulashi, ndivomere, poti singagwere m'madzi pochapa thalauza. Koma Drive imasunga mafayilo, siiwerenga mizere ya code. Ine ndikaika fayilo yanga, inu n'kuika yanu ya dzina lomwelo, siingatenge mzere 40 kwa ine ndi mzere 90 kwa inu n'kupanga chinthu chimodzi. Tidzabwerera ku banki_final2, kungoti tsopano tikulipiranso bandulo.

Achiwiri ndi a achimwene athu amene anati titenge Subversion, chifukwa ndi imene anaiona ikugwiritsidwa ntchito kumene anakaphunzirako ntchito. Achimwene, sindinakunyozeni, ndinakaiwerenga. Subversion inayambika mu 2000 ku kampani ya CollabNet, cholinga chake chinali kukonza zofooka za CVS imene inalipo kale, ndipo pano ili m'manja mwa Apache. Ili ndi zabwino zenizeni. Manambala ake ndi omveka: kusintha koyamba ndi 1, kotsatira 2, mpaka m'tsogolo, moti mukhoza kuuza mnzanu pa foni kuti tabwerera ku 57, iye n'kumva. Imanyamula bwino mafayilo akuluakulu ngati zithunzi, ndipo mukhoza kutseka fayilo kuti wina asaikhudze inu mukuigwira.

Vuto lake kwa ife ndi limodzi, koma ndi lalikulu. Mu Subversion buku lonse la mbiri limakhala pa kompyuta imodzi yapakati, seva. Ena tonse timangokhala ndi mafayilo a lero. Kuti muchite commit, muyenera kulumikizana ndi sevayo. Kuti muone mbiri ya mwezi watha, muyeneranso kuifunsa. Ku ofesi kumene kuli jenereta ndi intaneti ya tsiku lonse, palibe vuto. Nanga ife seva yathu ikhala iti? Laputopu ya kalabu, imene imagona m'kabati ya a Wapampando? Tiyerekeze kuti tabwereka seva pa intaneti. Ndi Lachitatu usiku, magetsi azima, laputopu yatsala ndi mphindi makumi awiri, bandulo inatha masana. Mwakonza chinthu chovuta ndipo mukufuna kusunga musanayese china. Subversion ikuuzani kuti dikirani. Moyo wathu ndi umenewu masiku ambiri, si mwangozi ayi.

Maganizo achitatu ndi anga: Git. Koma musanandiwombere m'manja, mverani mmene inabwerera, chifukwa mbiri yake ikufotokoza chifukwa chimene ikutikwanira.

Linux mumaidziwa, ndi imene ili pansi pa Android m'mafoni athuwa. Anthu amene amailemba ali m'maiko ambirimbiri. Kuyambira 2002 amagwiritsa ntchito pulogalamu ya kampani ina yotchedwa BitKeeper, imene eni ake anawalola kugwiritsa ntchito ulere. Mu 2005 panabuka mkangano, eni ake anachotsa chilolezo chaulerecho. Taganizani, ntchito yaikulu choncho, buku lolembamo alanda eni ake. Linus Torvalds, amene anayambitsa Linux, anakhala pansi mu April 2005 n'kuyamba kulemba yake. Patangopita masiku ochepa, Git inali ikusunga kale code yake yomwe, ndipo pofika June inali itanyamula Linux. Mu July anaipereka kwa Junio Hamano, amene wakhala akuiyang'anira kuyambira nthawi imeneyo.

Popeza inapangidwira anthu omwazikana, Git siidalira kompyuta yapakati. Mukatenga pulojekiti, mumatenga ndi mbiri yake yonse, kuyambira commit yoyamba. Imakhala mu kafoda kobisika kotchedwa .git pa laputopu yanu. Commit mumachita popanda intaneti. Kuyang'ana mbiri, popanda intaneti. Kutsegula branch, ndiye kuti kanjira kapambali koyeserapo maganizo atsopano osaononga ntchito yaikulu, popandanso intaneti. Netiweki mumaifuna pokhapokha pamene mukutumiza ntchito yanu kwa anzanu, kumene amati push, kapena kulandira yawo, kumene amati pull. Ndipo code ndi malemba chabe, salemera. Kavidiyo kamodzi ka TikTok kamadya bandulo yambiri kuposa ntchito yathu ya sabata yonse.

Apa pali chinthu chimene chinandisangalatsa kwambiri. Ngakhale push yomweyo siifuna intaneti kwenikweni. Fulashi yathu yofiira ija ikhoza kukhala malo okumanirana: mumapangapo repository yopanda mafayilo ogwirirapo ndi lamulo la git init --bare, ndiye aliyense amachita push ndi pull pa fulashipo. Fulashi ndi yomweyo, koma tsopano siingalole kuti ndikwirire ntchito ya mnzanga mwakachetechete. Ndikayesa kutumiza ndisanalandire zake, imakana. Palinso lamulo lina, ndipo dzina lake mudzaseka, git bundle. Limamanga ma commit anu kukhala fayilo imodzi imene mungatumize pa Bluetooth kapena pa WhatsApp. Bandulo imeneyi yokha ndi imene siitha. Inu amene mulibe laputopu, Git imayenda ngakhale pa foni ya Android kudzera mu Termux. Kulemba code pa kasikirini kakang'ono ndi chilango, koma kuona zimene anzanu asintha n'kotheka.

Tsopano ndikhale wachilungamo. Git si yokhayo imene imagwira ntchito motere. Mwezi womwewo wa April 2005, chifukwa cha mkangano womwewo wa BitKeeper, panabadwanso Mercurial. Ndinaiika pa laputopu n'kuiyesa masiku awiri, ndipo ndinene zoona, inandikomera kuposa Git. Malamulo ake ndi osavuta kukumbukira, ikakana chinthu imakuuza momveka. Palinso Fossil, imene analemba D. Richard Hipp, mwini wake wa SQLite. Iyo ndi kafayilo kamodzi, koma mkati mwake muli ndi malo olembamo mavuto a pulogalamu ndi masamba a malangizo. Kwa gulu la anthu anayi ngati lathu, mtima wanga unapita kumeneko.

Nanga bwanji sindikukuuzani kuti titenge zimenezo? Funsani akabaza. Munthu pogula njinga yamoto sayang'ana kukongola kokha. Amafunsa kuti ikathyoka, zipangizo zake ndikazipeza pamsika pano? Makaniko wa pansi pa mtengo uja amaidziwa? Mercurial inali ndi anthu akuluakulu. Chiyankhulo cha Python, chimene tikulembera kapulogalamu kathuka, chimasungidwa mu Mercurial, koma mu 2017 chinasamukira ku Git. Bitbucket, kumene anthu ambiri amasungirako ntchito zawo za Mercurial, inasiya kuilandira mu 2020. Eni ake a Firefox nawonso analengeza mu 2023 kuti akusamukira ku Git. Pa kafukufuku wa Stack Overflow wa 2022, mwa olemba mapulogalamu 100 alionse amene anayankha, oposa 90 anati amagwiritsa ntchito Git. Tanthauzo lake kwa ife ndi lakuti ukakakamira pakati pa usiku n'kulemba vuto lako pa Google, wina anakumana nalo kale ndipo yankho lilipo. Ndiponso tisabisane, ambiri tili pano tikufuna ntchito kapena malo ku koleji. Tsiku lina wina adzatifunsa kuti tamuonetse zimene tinapangapo, ndipo adzayembekezera kuona Git. Sindikunena kuti ndi yabwino kuposa zonse. Ndikuti ndi imene ili ndi zipangizo pamsika.

Chinthu china chimene chinasokoneza pa gulupu: Git ndi GitHub si chinthu chimodzi. Git ndi pulogalamu yaulere imene imakhala pa kompyuta yanu, palibe angakulandeni. GitHub ndi kampani imene imasungira anthu ma repository pa intaneti. Inayamba mu 2008, ndipo Microsoft inaigula mu 2018 pa mtengo wa madola 7.5 biliyoni. Ziliponso zina, monga GitLab ndi Codeberg. Ine ndikuti tigwiritse ntchito GitHub, poti kuyambira 2019 imalola ma repository achinsinsi ulere. Koma tisaiyese nyumba yathu, ndi lendi. Google inali ndi malo ake otere, Google Code, inawatseka mu 2016. Mu 2019 GitHub inachepetsa zimene anthu a ku Iran, Syria ndi Crimea angachite pa maakaunti awo chifukwa cha malamulo a boma la America. Anthuwo sanalakwire GitHub, anangopezeka ali kumeneko. Akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ubwino wa Git ndi woti aliyense wa ife anayi adzakhala ndi mbiri yonse pamphuno pake. GitHub itatseka mawa, tingotsegula kwina n'kuchita push.

Zoipa za Git nazo ndizinene, kuti pasadzakhale wonena kuti ndinakunamizani.

Ndi yovuta poyamba. Tsiku loyamba ndinalemba git commit osaika uthenga, inanditsegulira Vim, ndipo ndinakhala mphindi khumi osadziwa potulukira mpaka ndinazimitsa laputopu. Mudzakumananso ndi merge conflict, pamene awiri mwasintha mzere umodzi. Fayilo imadzaza ndi zizindikiro zachilendo, mtima umagunda. Koma musaope, pamenepo Git ikuchita zimene kompyuta yanga sinachite Lachinayi lija: ikukana kusankha yokha. Mumayenera kuimbirana foni n'kugwirizana. Palinso malamulo oopsa. Lina ndi git push --force, limene likhoza kufufuta ntchito ya anzanu pamalo okumanirana. Ndikupempha kuti mu kalabu ino likhale loletsedwa kufikira titakula.

Manambala ake ndi oipa, apa achimwene a Subversion apambana. Commit iliyonse dzina lake ndi mndandanda wautali wa zilembo ndi manambala osakanikirana. Simungauze munthu pa foni osalakwitsa. Mafayilo akuluakulu nawonso siiwakonda, ndipo GitHub imakana fayilo yoposa 100 MB. Ndiye mavidiyo a tsiku la masewero aja asalowemo, akhale pa Drive.

Koma chimene ndikufuna mumve kwambiri ndi ichi. Git siiiwala. Ubwino wake ndi womwewo, kuopsa kwake ndi komweko. Mukaika fayilo lero n'kuichotsa mawa, imakhalabe mu mbiri, ndipo aliyense amene ali ndi repository akhoza kuitulutsa. Ife tikugwira maina a amayi enieni ndi ngongole zawo zenizeni. Ena mwa iwo ngakhale amuna awo sadziwa kuti anabwereka zingati. Wina akangoika fayilo ya maina imeneyo mu commit n'kuchita push, ndiye kuti taika chinsinsi cha mabanja a anthu pa kompyuta za kunja, ndipo tsiku limene tidzatsegule repository kuti tionetse ofuna kutilemba ntchito, tidzaonetsa ndi ngongole za amayi athu omwe. Choncho fayilo ya ziwerengero zenizeni, pamodzi ndi mapasiwedi onse, zilembedwe mu .gitignore tsiku loyamba lomwelo, tisanachite commit ngakhale imodzi. Poyesera tigwiritse ntchito maina opeka. Pa ichi chokha sindikupempha voti.

Kanthu kena kakang'ono kamene mabuku sanena, chifukwa olemba ake aliyense ali ndi kompyuta yakeyake. Ife timabwerekana laputopu imodzi. Git imalemba dzina limene munaiuza poyamba, ndiye tikapanda kusamala ma commit onse adzaoneka ngati walemba munthu mmodzi. Aliyense akhale ndi foda yake pa laputopupo, ndipo m'fodamo aike dzina lake ndi git config user.name. Mnzathu wina anandinong'oneza kuti zimenezi zikumuopsa, akuti ndiye kuti ndikalakwitsa aliyense adziwa. Eee, adziwa. Lilipo ngakhale lamulo lotchedwa git blame limene limaonetsa amene analemba mzere uliwonse. Koma taonani ine. Popanda Git mwadziwabe kuti ndinalakwitsa ndine, kungoti mwadziwira pamaso pa amayi makumi awiri. Bola zikanadziwika Lachinayi, tili anayi, n'kukonza mu mphindi zisanu.

Mauthenga a commit tizilemba m'Chichewa ngati ndi chimene chikutiphweka. Git siisankha chiyankhulo. "Ndakonza chiwongoladzanja cha wobweza theka" ndi uthenga wabwino kuposa "update" amene tonse timakonda. Ndipo tisamadikire kuti ntchito ithe yonse. Kachinthu kamodzi kakatheka, commit. Magetsi sapangana ndi munthu.

Pempho langa pa voti ndi lakuti titenge Git, malo okumanirana akhale repository yachinsinsi pa GitHub, ndipo fulashi yofiira ikhale yachiwiri, yosungidwa ndi alembi. Achimwene, ngati mukuonabe kuti Subversion ingatikwanire, bwerani mutiuze kuti seva ikhala kuti ndipo alipira ndani, ndidzamvetsera ndi mtima wonse. Buku la Pro Git la Scott Chacon ndi Ben Straub ndi laulere, ndinalikopera kale, ndiye musaononge bandulo, ndikupatsani pa Bluetooth. Mitu itatu yoyambirira ndi yokwanira kuyambira.

Amayi aja akumananso kumapeto kwa mwezi uno ndipo atilola kubweranso kamodzi. Chiwongoladzanja ndalembanso, koma padakali pano chili mu foda yotchedwa banki_final3, ndipo ndikuchita nayo manyazi. Tikavota Loweruka tisabalalike, tikhale ola limodzi tiike Git pa malaputopu onse atatu, aliyense achite commit yake yoyamba ine ndili pambali. Bwerani mutatchaja. Amene ali ndi ekisitenshoni ya mabowo anayi abwere nayo, ya kalabu ija inapsa.